Chipewa Chotsala ku Vidiyo

"Nanga uthenga wa kwa Esitele wanyamuka?"

A Elias anafunsa ali chiimire pakhonde, dzanja litagwira nsanamira. Lonjezo anali pamwamba pa mpando, akumangirira lona pamtengo wa mango kuti obwera pamaliro apeze mthunzi. Anamva bwinobwino, koma anapitiriza kukoka chingwe ngati funsolo lapita kwa wina.

"Ndikulankhula ndi iwe, mwana wa malemu."

"Ndamva, abambo aang'ono. Uthenga wapita kwa onse oyenera kumva."

"Onse ati? Mwamuna akamwalira, mwini maliro ndi mlongo wake. Mwambo umenewu sunayambe ndi ine. Ine ndine mwana wa amayi awo aang'ono chabe, mlongo wawo wa bere limodzi ndiye Esitele. Ukufuna tikwirire mchimwene wake iye akudya ndi kuseka, osadziwa kanthu?"

Linali Lachisanu, mwezi wa Okutobala chaka cha 2004, dzuwa la ku Mkanda likuwotcha chiyambire m'mawa. Bambo ake a Lonjezo, aphunzitsi opuma pantchito Eneya Kalilangwe, anali atatsirizika m'bandakucha, ndipo ndi kutentha kumeneko thupi silikanadikira kupitirira Loweruka masana. Adzukulu anali atanena kale kuti ayamba kukumba manda tambala akangolira. Uthenga ngati unali woti uwoloke malire n'kukafika kwa Esitele, kuseri kwa Mwami ku Zambia, unayenera kunyamuka tsiku lomwelo dzuwa lisanapendeke. Tsono pamudzi ponsepo wodziwa kumene mayiyo ankakhala anali Lonjezo yekha, amene ankagwira ntchito yowombola katundu wa amalonda paboda ya Mchinji. Mayi wina wogulitsa zitenje anamulongosolera njira zaka zitatu zapitazo, iye n'kuuzako mlongo wake Caroline kuti njirayo akuidziwa, ndipo lero ankadziluma lilime kuti anauziranji. Njinga yamoto nayo inali yake yomweyo.

Caroline anatula ndowa ya madzi pafupi ndi mpandowo. Anali atabwera molunjika kuchokera kuchipatala kumene ankagwira unamwino, chitenje atangokulunga pamwamba pa yunifolomu.

"Achimwene, pitani. Maola awiri okha mwafika."

"Iwe, usandiphunzitse. Azakhali ukuwanenawo unawaonapo nkhope? Agogo anamwalira akuitana dzina lawo, anabwera? Anasankha mpingo wawo, ife n'kutitaya. Zaka makumi atatu ndi ziwiri! Dzina limenelo pakamwa pa bambo silinatulukepo ndi tsiku limodzi lomwe."

"Kusatchula munthu si kumuda."

"Ndiye ukawerenge zimene analemba okha. Zili pakhoma pabalaza paja, pamwamba pa mutu wawo pomwe agonapo."

Zimene Lonjezo ankanenazo panalibe wa ku Mkanda wosazidziwa. Aphunzitsi anali ndi buku limodzi limene ankalikonda kuposa ndiwo, lotchedwa *Anapita ndi Dzinja*. Chaka ndi chaka ankaliwerengera ana a Sitandade 8 Lachisanu masana, mpaka chikuto chinatha, iwo n'kusokerera china cha katoni ya sopo. Ndi nkhani ya Eliza, mtsikana amene mchimwene wake Benedict anamupirikitsa pamudzi chifukwa chokana mwamuna amene anamusankhira. Eliza anakwera basi, osamvekanso. Patsamba lomaliza Benedict wakalamba, wakhala pasiteji, basi ikubwera, ikudutsa osaima, fumbi likukhazikika, iye ali pompo. Akafika pamenepo aphunzitsi ankatseka buku pang'onopang'ono n'kunena kuti, "Tulukani." Ngakhale anyamata a ndevu obwereza kalasi kachitatu ankatuluka akupukuta m'maso ndi kolala.

Chaka chathachi anyamata ena a ku Lilongwe analisandutsa bukulo kanema. Kaseti itafika kwa Zakeyu, mwini nyumba ya vidiyo pamsika, anthu anadzaza mpaka ena kusuzumira m'mipata ya bango. Kunabwera ndi amayi omwe, amene pakhomo pa vidiyo sadutsapo n'komwe. Aphunzitsi anavala jekete ndi chipewa chawo chakuda, n'kukhala benchi lakutsogolo. Koma abale, zimene anaonetsazo! Eliza akupita kuchitsime atavala wigi ndi nsapato za gogoda. Mudzi wa makedzana uja nyumba zake zamalata, munthu wina kumbuyo akudutsa ndi foni pakhutu. Theka la nkhani kunali kuvina. Anthu anang'ung'udza koma anapirira, podikira tsamba lomaliza lija. Basi inabwera. Inaima. Eliza anatsika ndi sutikesi.

"Aaa, bodza!" anakuwa wina kumbuyo. Wina anagenda sikirini ndi chitsononkho. Aphunzitsi anangonyamuka n'kutuluka, ndipo sabata yomweyo analemba kalata kunyuzipepala. Itatuluka, Lonjezo ndiye anaidula n'kuimata pakhoma, monyadira bambo ake. Mawu ake ankawadziwa pamtima, ndipo tsopano anawalakatula ali pamwamba pa mpando: "Ana amene apanga kanemayu atinyengerera ngati makanda. Alipo anthu amene akapita sabwera. Buku linanena zoona."

"Zimenezo ndi za kanema, achimwene."

"Ndi za moyo wawo. Iwe sukuona?"

Lonjezo anali uja wa ndadziwa kale, amene anamanga nyumba yopanda khomo. Paboda ankamutama kuti pepala akangoliona kamodzi sabwerezanso, ndipo khalidwe lomwelo ankabwera nalo kwawo.

"Ndiye ndiuzeni njira," anatero Caroline. "Ndipita ndekha panjinga ya bambo."

"Ukapita, pakhomo panga usadzapondeponso."

Mawuwo anatuluka mokweza kuposa mmene ankafunira. Amuna amene anakhala pansi pa mango anaweramitsa mitu. A Elias anachotsa dzanja pansanamira n'kumuyang'ana.

"Chibale ndi fupa, mwana iwe, sichiwola. Mawu ngati amenewo anapwetekapo kale anthu pabanja pano."

Asanayankhe, mayi wina wa Chigwirizano anatuluka n'kumukodola kuti amayi ake akumufuna. Lonjezo anavula nsapato, n'kudutsa pabalaza chowerama. Amayi ovala zoyera anali atazungulira thupi, akuimba motsitsa. Kapepala ka nyuzipepala kaja kanali pakhoma pamwamba pa mutu wa malemu, katachita chikasu. Amayi ake, a Nachisale, anali kuchipinda atakhala pamphasa, zovala za amuna awo zili mbwee.

"Chipewa cha bambo ako sichikuoneka," anatero. "Ankanena kawirikawiri kuti ndisadzapite kwa Mulungu mutu uli pamtunda ngati mwana wasukulu. Ndafuna ponseponse."

"Tichipeza, amayi." Anatambasula dzanja kuti akankhe chitseko.

"Chisiye chotsegula. Khala pansi."

Anakhala. Amayi ake anatenga malaya amodzi n'kuyamba kuwapinda, osamuyang'ana.

"Ndakumva pawindo. Azakhali ako sanatitaye. Tinakuuzani choncho chifukwa kunali kosavuta kunena." Anasalaza kolala ndi chikhatho. "Chinali chaka cha 1972, bambo ako atangoyamba ntchito pasukulu ina ku Chiosya. Anthu a mpingo wa Esitele ankakana kugula makadi a chipani, ndiye nyumba zawo zinkatenthedwa. Mphunzitsi akapezeka akusunga munthu wotero, ntchito yatha, mwinanso zoposa pamenepo. Tsiku lina chakumadzulo Esitele anagogoda. Ndinamuona pawindo, nkhope itatupa, mwana kumsana. Anati, 'Achimwene, ndine.' Bambo ako anaima kuseri kwa chitseko, dzanja lili paloko. Anabwereza, 'Achimwene, ndine.' Katatu. Iwe unali ndi zaka ziwiri. Unazindikira mawu ake, pakuti ndiye ankakulera, unayamba kulira kuti akunyamule. Bambo ako anandiuza kuti ndikutseke pakamwa." Anaika malayawo pambali. "Ndinakutseka."

Pabalaza nyimbo inatha, ina n'kuyamba.

"Zinthu zitasintha Esitele analemba kalata, mu 1995. Bambo ako anaiwerenga chiimire, n'kuiika m'buku lawo lija. Sanayankhe."

"Ankafuna kuwaona?"

"Sindidziwa, mwana wanga. Zaka zonsezi tagona mphasa imodzi, nkhani imeneyi sitinaikambepo. Ndikanama ndikati ndikudziwa."

Lonjezo anatuluka panja. Wina akanaganiza kuti apa mtima wake wafewa, koma ayi, unangoumira mbali ina. Anayang'ana anthu amene ankafika panjinga, ena wapansi, aphunzitsi anzawo, akuluampingo, abambo a imvi amene malemu anawaphunzitsa kugwira pensulo. Anaona m'maganizo mayi wokalamba ataima pamanda mawa, akuulula za chitseko chija pamaso pa onsewa. Anachita mantha, anachitanso manyazi, manyazi a bambo ake amene sakanathanso kudziyankhira. Ngati mwini wake anakhala chete zaka zonsezo, kalata osayankha, iye ndani kuti akafukule? Anapita kwa a Elias n'kunena motsitsa kuti sapita, ndipo nkhani ithere pomwepo. Dzuwa linali litafika paliwombo.

Nthawi yomweyo anaona Zakeyu ataima kumapeto kwa bwalo, pafupi ndi khola la mbuzi, atakumbatira jumbo yakuda. Anaphunzira kalasi imodzi ndi Lonjezo mpaka Sitandade 7, pamene anaona kuti masamu ndi iye sadzamvana. Ankaoneka ngati munthu wofuna kulowa koma miyendo ikukana.

"Pepa, Lonjezo. Tonse tasiyidwa." Anamupatsa jumboyo. "Ichi ndi cha aphunzitsi."

Munali chipewa chakuda chija, mkombero wake wonyezimira ndi thukuta la zaka.

"Wachitenga kuti?"

"Ndinachitola."

"Kuti?"

"Pamsewu. Chapamsika apo."

"Zakeyu, bodza unkalephera ndi kusukulu komwe. Bambo chipewa sichinkawagwa. Wachitenga kuti?"

Zakeyu anakanda chidendene ndi chala cha phazi linalo. "Anandilumbiritsa, aise. Anati ndikadzauza munthu adzandikwapula ngakhale ndili ndi ana anayi." Anayesa kuseka. "Anachisiya kwanga. Pabenchi. Dzana, Lachitatu."

"Kuvidiyo? Bambo anga? Usandiseketse pamaliro."

"Tiye ukaone wekha. Pakamwa sindingathe."

Msika unali pafupi, ndipo tsiku limenelo unali zii, anthu onse ali kumaliro. Nyumba ya vidiyo inali ya bango, mkati atakuta ndi mapulasitiki akuda. Munkanunkha thukuta ndi makoko a mtedza. Zakeyu sanalowere kukhomo la anthu onse. Anamutengera kuseri, pamene panali kampata pakati pa mpanda ndi chimbudzi.

"Ankalowera apa. Njinga ankaibisa umu. Lachitatu lililonse cha m'ma teni, anthu ali kumadimba. Chiyambire mwezi uja analemba kalata kunyuzipepala."

"Chaka chonse?"

"Anajomba kawiri kokha, nthawi ya malungo ija." Zakeyu anatola botolo la Fanta limene linali pansi pa benchi. Munali petulo wofika zala ziwiri. "Ankabwera ndi wawo. Ankati sindingakuwotchere mafuta ako chifukwa cha uchitsiru wanga. Uyu ndi wotsala wa dzana."

Anathira mujenereta, n'kukoka chingwe katatu. Inatsokomola, kenaka inagwira. Atabwerera mkati anakankha kaseti mudeki n'kuibweza m'mbuyo pang'ono chabe.

"Iyi ndinasiya kuibweza mpaka koyambirira. Anthu ena saifuna, amati ndi yabodza. Iwonso zoyambirira sankazifuna. Ankati, 'Zovinavinazo usandionetse, ika pa basi.'"

Sikirini inaphethira. Chithunzi chinkanjenjemera, mizere yoyera ikuthamanga kuchokera pansi, chifukwa pamalo amenewo tepi inali itaperepeseka. Panaoneka mtengo, benchi, ndi mnyamata amene anamumata ndevu za thonje kuti aoneke nkhalamba. Thonjelo mbali imodzi linali litayamba kumatuka. Lonjezo anakhala pabenchi lakutsogolo, chipewa chili pamaondo, ndipo mkwiyo wa chaka chatha unamubwerera. Zachibwana zenizeni. Bambo ake, munthu amene ankabweza kalata ya mwana wake yemwe ataikonza ndi inki yofiira, angakhalire zimenezi?

Basi inatulukira pakona. Inachepetsa liwiro. Inaima.

"Apa ankaimirira," anatero Zakeyu.

Iye mwini anali ataimirira pambali pa benchi, mapazi pamodzi, msana wowongoka ngati pa asembule. Chitseko cha basi chinatseguka, mwendo wa mkazi n'kuponda pansi.

"Apa ankavula chipewa. Ankachigwira pachifuwa, chonchi, manja onse awiri." Zakeyu anasanjika manja pamtima. "Ndiye ankayamba iwo kulankhula, wa ndevu za thonjeyo asanatsegule pakamwa."

"Ankati chiyani?"

"Ankati, 'Ndamva, mlongo wanga. Ndikutsegula. Lowa, Esitele.'"

Pasikirini mnyamata uja anatambasula manja n'kufuula dzina la Eliza, nyimbo ya gitala n'kuyamba.

"Ine ndinkati ndi ukalamba, akusokoneza maina," anapitiriza Zakeyu. "Tsiku lina ndinawakonza. Ndinati, 'Aphunzitsi, ameneyu ndi Eliza.' Anangondiyang'ana muja ankachitira m'kalasi, ine n'kukhala chete. Ikatha ankati bweza pang'ono. Kawiri, katatu, mpaka petulo athe. Dzana anaimirira kamodzi kokha. Atanena mawu awowo anakhala pansi mwamphamvu, chipewa n'kuika apo wakhalapo. Anati mutu ukuwawa. Njinga sanakwere, anachita kukankha. Ndinaona chipewa atapita kale, ndinati ndidzawapatsa Lachitatu likubwerali."

Mkazi wa wigi uja anali akuyenda kulunjika kwa mchimwene wake, sutikesi m'manja. Atatsala mapazi ochepa kuti afike, jenereta inatsokomola kawiri n'kuzima. Sikirini inada. Munatsala timizere ta dzuwa tolowera m'mabowo a pulasitiki.

"Petulo wawo wathera pomwepa," anatero Zakeyu. "Ndikathire wanga?"

"Ayi. Usathire."

Lonjezo anakhala mumdimamo, zala zikuyenda pamkombero wa chipewa. Chisoni chimene chinamugwira sichinali cha imfa ya m'bandakucha ija ayi. Chinali cha nkhalamba yobisa njinga kuseri kwa chimbudzi, yonyamula petulo m'botolo la Fanta, kudzatsegulira chitseko munthu wa pasikirini, pamene mwini wake anali moyo maola awiri okha kuchokera pano. Ndipo iye, Lonjezo, njira ankaidziwa zaka zitatu zathunthu, osawauza, poganiza kuti akuwasungira mtendere. Analira mokweza, pakamwa pali yasa, mmene sanalirire m'mawa pamene anaona thupi. Zakeyu anatuluka n'kukaima panja, akuyang'ana jenereta yozimayo.

Pobwerera anakumana ndi Caroline pamphambano ya kumsika. Anali panjinga ya bambo awo, chishalo chitamutalikira, chitenje atachimanga m'chiuno. Atamuona sanatsike. Anangoponda phazi limodzi pansi n'kukweza chibwano.

"Ndikafunsa paboda. Alipo amene akawadziwe. Za pakhomo panuzo ndamva, sindidzapondapo."

"Tsika, Caroline."

"Sinditsika."

"Tsika, mlongo wanga. Panjinga imeneyo ukafika mawa." Anagwira chiwongolero. "Zija ndinanena zija, uzitaye kutali. Pakhomo panga ndi pako."

Caroline anamuyang'ana m'maso ofiirawo, kenaka anaona chimene chinali m'dzanja lake.

"Chipewa cha bambo! Amayi akuchifuna, akuti awaveke asanawaike m'bokosi."

"Ukawauze kuti ndapita nacho. Adzawaveka ndi azakhali. Uwauzenso abambo aang'ono kuti bokosi asakhomere mpaka nditabwera."

Anayenda limodzi mpaka pabwalo, Caroline akukankha njinga. Anthu pansi pa lona anasiya kulankhula pamene Lonjezo anagubuduza njinga yamoto kuichotsa kuseri kwa nkhokwe. A Elias atamuona anangokhala pansi pakhonde kwa nthawi yoyamba chiyambire m'mawa. Mthunzi wa mango unali utayamba kutsamira kum'mawa.

"Achimwene," anatero Caroline motsitsa, "nanga akakakana? Ndinamva zimene amayi anakuuzani, zaka zonsezi kalata yawo osayankhidwa. Akhoza osakutsegulirani n'komwe."

"Akhoza."

"Ndiye mukatani?"

"Ndikagogoda. Ndikati, 'Azakhali, ndine.' Akapanda kutsegula, ndikaima pomwepo."

Anamasula mabatani awiri a malaya, n'kulowetsa chipewacho pachifuwa kuti mphepo isachiulutse. Asanalize njinga anachigwira kaye pamenepo ndi manja onse awiri.